Msonkho wa pa malipiro umene America inachedwetsa mu 2020: kodi olemba ntchito anali okakamizidwa kusiya kudula?

Loweruka pa 8 Ogasiti 2020, Pulezidenti Donald Trump anasaina chikalata cholamula nduna ya zachuma, a Steven Mnuchin, kuti achedwetse kudula ndi kutolera gawo lina la msonkho umene umachotsedwa pa malipiro a anthu apantchito ku United States. Mliri wa COVID-19 unali utavuta, zokambirana za chithandizo chatsopano pakati pa boma ndi atsogoleri a chipani cha Democratic mu Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, zinali zitalephereka, ndipo chisankho cha pa 3 Novembala chinali chitayandikira. Pofika Lolemba, aliyense wokonza malipiro m'makampani anali ndi funso limodzi: tikuyenera kusiya kudula, kapena tikhoza kupitiriza monga mwa masiku onse?

Makampani ndi mabungwe omwe si aboma sanakakamizidwe. Anali ndi ufulu wochedwetsa kapena ayi, ndipo ochuluka anapitiriza kudula. Koma yankholi silinalembedwe poyera m'chikalata cha pulezidenti, ngakhalenso m'malangizo oyamba a IRS, bungwe lotolera misonkho m'dzikolo. Limachokera pa mmene lamulo la msonkhowu linamangidwira, ndipo amene walimvetsa amaona msanga chifukwa chake olemba ntchito anakana chinthu chimene pamaso chinkaoneka ngati mphatso kwa antchito awo.

Msonkho wake ndi uti

Pa malipiro a munthu wolembedwa ntchito ku America, boma lalikulu limadulapo zinthu zitatu. Choyamba ndi msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza, wofananako ndi PAYE imene MRA imatolera ku Malawi. Umenewu sunakhudzidwe m'pang'ono pomwe. Ziwiri zinazo zili pansi pa lamulo lotchedwa FICA: msonkho wa Social Security, umene umalipira penshoni ya boma kwa okalamba, olumala ndi amasiye, ndi msonkho wa Medicare, wothandizira chipatala cha okalamba. Wa Social Security ndi 6.2 peresenti ya malipiro kuchokera kwa wantchito, ndipo bwana amaikapo 6.2 peresenti ina kuchokera m'thumba mwake. Wa Medicare ndi 1.45 peresenti mbali iliyonse. Msonkho wa Social Security uli ndi polekezera: mu 2020 unkadulidwa pa $137,700 zoyambirira za chaka basi, kutanthauza kuti wantchito sankalipira zoposa $8,537.40.

Chikalata cha Ogasiti chinakhudza 6.2 peresenti ya wantchito yokha, pamodzi ndi msonkho wofanana nawo umene amalipira ogwira ntchito ku njanji. Gawo la bwana linali kale ndi dongosolo lakelake. Lamulo la CARES Act, limene linasainidwa pa 27 Malichi 2020, linalola olemba ntchito kuchedwetsa 6.2 peresenti yawo mpaka kutha kwa chakacho, n'kudzalipira theka pofika 31 Disembala 2021 ndi theka linalo pofika 31 Disembala 2022. Anthu ambiri ankasakaniza ziwirizi, koma n'zosiyana kwambiri. Ya CARES inali ngongole ya kampani pa ndalama za kampani, yovomerezedwa ndi nyumba ya malamulo. Ya Ogasiti inali ngongole ya wantchito imene kampani ndiyo inkafunika kuimirira.

Zimene IRS inalemba, ndi zimene inasiya

Malangizo anatuluka Lachisanu pa 28 Ogasiti m'chikalata chachifupi chotchedwa Notice 2020-65, kutangotsala masiku anayi kuti dongosolo liyambe. Chinanena kuti pa malipiro operekedwa kuyambira 1 Seputembala mpaka 31 Disembala 2020, tsiku lodula ndi kupereka 6.2 peresenti ija lasunthidwira ku nyengo ya pakati pa 1 Januwale ndi 30 Epulo 2021. Chofunika linali tsiku limene munthu walandira ndalama, osati masiku amene anagwira ntchitoyo. Ntchito ya mu Ogasiti yolipidwa pa 4 Seputembala inkalowa. Ntchito ya mu Disembala yolipidwa mu Januwale sinkalowa.

Panalinso malire a malipiro. Woyenera anali wantchito wolandira zosakwana $4,000 pa milungu iwiri, msonkho usanachotsedwe, zomwe pa chaka ndi pafupifupi $104,000. Kwa olandira mlungu ndi mlungu malirewo anali $2,000, ndipo kwa olandira pamwezi anali pafupifupi $8,667. Chovuta chinali chakuti kuyezaku kunkachitika pa malipiro aliwonse paokha, ndipo kunalibe kutsika pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti wina amalandira $3,900 pa milungu iwiri. Ulendo uno msonkho wake wa $241.80 suchotsedwa. Ulendo wotsatira wagwirako ovataimu ya $200, zonse zakwana $4,100, ndiye kuti palibe chochedwetsa, amudula $254.20 yonse. Ulendo wachitatu wabwereranso pansi pa malire. Kwa munthu wa komishoni kapena wa maola osinthasintha, ndalama yopita nayo kunyumba inkadumphadumpha popanda chifukwa chooneka, ndipo ofesi ya malipiro ndi imene ikanatopa ndi mafunso.

Pa funso lenileni la anthu, chikalatacho chinangoti zii. Munalibe mawu akuti olemba ntchito ayenera kuchedwetsa, munalibenso akuti akhoza kukana. Koma chinachita zinthu ziwiri zimene akatswiri a misonkho anaziwerenga ngati yankho. Chinati mphamvu zake zikuchokera ku gawo 7508A la malamulo a misonkho, ndipo chinatchula olemba ntchito, osati antchito, kuti ndiwo okhudzidwa ndi kusuntha kwa tsikulo.

Chifukwa chake sikunali kukakamiza

Ku America mphamvu yokhazikitsa kapena kuthetsa msonkho ili ndi Congress. Pulezidenti sangadzuke n'kunena kuti 6.2 peresenti yatha. Chimene nduna ya zachuma ili nacho ndi gawo 7508A, limene limailola kusuntha masiku omalizira kupereka mafomu ndi kulipira misonkho, mpaka chaka chimodzi, kwa anthu okhudzidwa ndi ngozi imene boma lalengeza. Nthawi zambiri limagwira ntchito kukachitika mphepo yamkuntho, kusefukira kwa madzi kapena moto wolusa. Mu 2020 linagwira ntchito m'dziko lonse chifukwa pa 13 Malichi pulezidenti analengeza kuti mliriwu ndi ngozi yogwera dziko.

Gawoli limangotalikitsa nthawi. Sililetsa munthu kulipira msanga. Chitsanzo chake chinali chitaoneka kale chaka chomwecho: tsiku lomaliza kupereka mafomu a msonkho wa anthu linasunthidwa kuchoka pa 15 Epulo kufika pa 15 Julayi pogwiritsa ntchito gawo lomweli, ndipo palibe amene analangidwa chifukwa chopereka fomu yake mu Epulo. Chimodzimodzinso apa. Bwana wopitiriza kudula mu Seputembala ankangochita msanga chinthu chimene analoledwa kuchita mochedwa. A Mnuchin eni ake ananena pa wailesi ya kanema mkati mwa Ogasiti kuti boma silingakakamize makampani kutenga nawo mbali, ndipo kumayambiriro kwa Seputembala akuluakulu a IRS anatsimikizira okonza malipiro kuti zinali kwa bwana kusankha.

Izi zinatanthauzanso kuti wantchito analibe pogwira. Popeza wopatsidwa nthawi anali bwana, wantchito wofuna ndalama zake tsopano sakanamukakamiza kusiya kudula. Mbali inayo nayo inali chimodzimodzi: bwana akasankha kuchedwetsa kwa onse, malangizowo sanapatse wantchito ufulu wokana. Kampani inali yololedwa kufunsa aliyense payekha, koma kutero kunali kufuna kwake, ndiponso kunali ntchito yowonjezera, chifukwa kunkafunika mafomu osainidwa ndi pulogalamu ya kompyuta yotha kusiyanitsa wovomera ndi wokana.

Panali njira ina imene mabwana ena anaiganizira, yooneka yochenjera: kudula ndalamazo monga mwa nthawi zonse, koma osazitumiza ku boma, kuzisunga mpaka Epulo. Akanakhala ndi ndalama zoyendetsera bizinesi, ndipo ngongole ikanakhala itatoleredwa kale. Malangizowo anatseka khomo limeneli m'kamawu kakang'ono ka m'munsi mwa tsamba. Udindo wotumiza msonkho wa wantchito ku boma umayamba pamene wadulidwa. Kutumiza kunkachedwa kokha chifukwa kudula kwachedwa. Wadula, tumiza pa nthawi yake, kaya ndiwe wa gulu lotumiza pamwezi pofika pa 15 mwezi wotsatira, kaya wa gulu lotumiza kawiri pa mlungu.

Masamu a pa pepala la malipiro

Titenge munthu wolandira $1,500 pa milungu iwiri. Msonkho wake wa Social Security ndi $93 ulendo uliwonse. Pakati pa 1 Seputembala ndi 31 Disembala pamagwa masiku olandira 8 kapena 9, malinga ndi kalendala ya kampani. Akakhala 9, munthuyu wapita kunyumba ndi $837 yowonjezera m'miyezi inayi. Januwale akafika, msonkho wa masiku onse wa $93 ukubwerera, ndipo pamwamba pake akubweza ngongole ija. Malangizo anati ibwezedwe mogawa mofanana pa malipiro a miyezi inayi. Ngati masiku olandira alinso 9, akudulidwa $186 ulendo uliwonse mpaka kutha kwa Epulo. Ngati ali 8, zowonjezerazo ndi pafupifupi $105. Kwa amene anali pafupi ndi malire a $4,000, ngongoleyo inkafika cha m'ma $2,232.

Amene anatengapo adivansi kuntchito akudziwa mmene zimakhalira: mwezi wolandira umakoma, miyezi yobweza imawawa, ndipo malipiro enieni sanakwere ngakhale tambala. Kusiyana kwake n'kwakuti apa panalibe chiwongoladzanja ngati zabwezedwa pa nthawi yake, ndipo nthawi yobwezayo inagwera mu Januwale, anthu atangowononga ndalama pa Khrisimasi.

Chimene chikanasintha masamuwa ndi kukhululuka ngongoleyo. Chikalata cha pulezidenti chinauza nduna ya zachuma kuti ifufuze njira, kuphatikizapo lamulo latsopano, zothetseratu ngongoleyo, ndipo a Trump analonjeza kuti akapambana chisankho adzatero. Koma lonjezo la pa msonkhano wa ndale si lamulo, ndipo akauntanti salemba malonjezo m'mabuku. Zoterezi zinachitikapo mwa njira yoyenera m'mbuyomu: mu 2011 ndi 2012, mu ulamuliro wa a Barack Obama, Congress inatsitsa gawo la wantchito kuchoka pa 6.2 kufika pa 4.2 peresenti, ndipo thumba la Social Security linabwezeredwa kuchokera ku ndalama zina za boma. Kumeneko kunali kuchepetsa kwenikweni, ndipo bwana aliyense anayenera kutsatira chifukwa mlingo wa msonkho ndiwo unasintha. Mu 2020 mlingo sunasinthe. Ngongoleyo sinakhululukidwe.

Wantchito akachoka, alipira ndani?

Apa ndi pamene nkhani yonse inagona. Gawo 3102 la malamulo a misonkho limalamula bwana kudula msonkho wa wantchito, ndipo limanenanso kuti bwanayo ndiye adzayankhe ngati sunaperekedwe. IRS sithamangitsa wantchito aliyense payekha, imapita kwa amene anayenera kudula. M'masiku abwinobwino izi sizivuta, chifukwa msonkho umachotsedwa ndalama zisanachoke m'manja mwa bwana. Kuchedwetsa kunatembenuza dongosololi: ndalama zapita kale m'thumba la wantchito, koma woyankha ndi bwana yemwe uja.

Ganizirani lesitilanti ya antchito 40, aliyense ali ndi ngongole ya $837 pofika kumapeto kwa Disembala. Mu Januwale bizinesi yachepa, ena achotsedwa, ena apeza ntchito kwina, onse ochoka akwana 10. Imeneyo ndi $8,370 imene mwini lesitilanti ayenera kupereka ku boma pofika tsiku lomaliza, pamene anthu oti awadule kulibe. M'masitolo, m'malo odyera ndi m'nyumba zosungira katundu, momwe anthu ambiri amalembedwa ganyu ya nyengo ya Khrisimasi n'kuchoka chaka chikangotha, zimenezi sizinali zongoopseza. Zinali zodziwikiratu.

Malangizo a IRS anangonena m'chiganizo chimodzi kuti ngati kuli kofunika, bwana akhoza kugwirizana ndi wantchito njira ina yotolera ndalamazo. Njira yanji, sananene. Yoyamba kubwera m'mutu ndi kudula zonse pa malipiro omaliza, koma ili ndi mavuto atatu. Malipiro omaliza akhoza kukhala ochepa kuposa ngongoleyo, makamaka kwa amene wangosiya ntchito osatsanzika. Chachiwiri, chigawo chilichonse cha United States chili ndi malamulo akeake a zimene zingadulidwe pa malipiro, ndipo zina, monga California, n'zokhwima kwambiri pa kudula ngongole yonse nthawi imodzi pa malipiro omaliza. Chachitatu, kampani ya nthambi m'zigawo zambiri inkafunika kufufuza malamulo a chigawo chilichonse ndi kukonza pangano losainidwa munthu asanayambe n'komwe kulandira ndalamazo. Kumene kuli mabungwe a antchito kunkafunikanso kukambirana nawo.

Bwana akalephera kutolera n'kusankha kulipira yekha, nkhani sinkathera pomwepo. Lamulo limati bwana akamulipirira wantchito msonkho umene wantchitoyo anayenera kulipira, ndalamazo zimawerengedwa ngati malipiro owonjezera kwa wantchitoyo, ndipo nazonso zimakhala ndi msonkho. Choncho $837 ija imakwera, ndipo pamafunika kulemba mafomu a munthu amene anachoka kalekale.

Osalipira n'komwe ndiye zimaipiratu. Chindapusa cha kuchedwa kutumiza msonkho wa pa malipiro chimayamba pa 2 peresenti ngati kuchedwako sikunapitirire masiku 5, chimafika 5 peresenti pakati pa masiku 6 ndi 15, kenako 10 peresenti, ndipo chimakwera kufika 15 peresenti ngati padutsa masiku 10 IRS italemba kalata yofuna ndalamazo. Pamwamba pake pali chiwongoladzanja. Palinso gawo 6672, limene okonza malipiro amaliopa kuposa onse: munthu aliyense amene ali ndi udindo wotolera ndi kupereka misonkho yodulidwa kwa antchito, akalephera mwadala, akhoza kulipitsidwa ndalama yonseyo kuchokera m'thumba mwake, osati la kampani. Akhoza kukhala mwini, dairekitala, ngakhale wantchito amene amasaina macheke ndi kusankha ngongole yoyamba kulipira. Kampani ikagwa, ngongole imeneyi simagwa nayo.

Tikaika zonsezi pa sikelo, bwana sankapindula kanthu pochedwetsa, koma chiopsezo chonse chinali pa iye. Sitinganene kuti okanawo anali ouma mtima. Pa 18 Ogasiti, malangizo asanatuluke n'komwe, bungwe la U.S. Chamber of Commerce pamodzi ndi mabungwe ena a zamalonda oposa 30 analembera nduna ya zachuma ndi atsogoleri a Congress kuti mamembala awo ambiri mwina sadzachita nawo, chifukwa kunali kungowasungira antchito ngongole ya chaka chamawa. Zinachitikadi momwemo. Makampani akuluakulu ambiri anapitiriza kudula, ndipo ngakhale bungwe la positi, U.S. Postal Service, ndi nyumba ya malamulo ya House of Representatives anakana kuchedwetsa kwa antchito awo.

Panalinso vuto la nthawi. Makampani ambiri sakonza okha malipiro, amadalira makampani apadera ndi mapulogalamu a kompyuta. Kusintha pulogalamu kuti iziyeza malire a $4,000 ulendo uliwonse, izisunga ngongole ya munthu aliyense, ndiponso idzayambe kubweza mu Januwale, si ntchito ya pakati pa Lachisanu ndi Lachiwiri. Malipiro oyamba a Seputembala m'malo ambiri anali atawerengedwa kale malangizowo asanatuluke.

Kumene kunalibe kusankha

Boma lalikulu nalo ndi bwana, ndipo monga bwana linasankha kuchedwetsa. Antchito a m'maunduna ndi m'nthambi zolamulidwa ndi pulezidenti, pamodzi ndi asilikali, anaimitsiridwa msonkhowu popanda kufunsidwa, ndipo panalibe fomu yokanira. Kwa asilikali malire anali malipiro oyambira osakwana $8,666.66 pamwezi, zomwe zinakhudza pafupifupi onse kupatula akuluakulu apamwamba. Mabungwe a antchito aboma ndi aphungu ena anadandaula, koma dongosololo linapitirira. Malangizo amene ankamveka paliponse m'maofesiwo anali akuti ndalama yowonjezerayo musaidye, ikani padera, idzafunika mu Januwale. Chithandizo chimene wochilandira akulangizidwa kuti asachikhudze n'chovuta kuchitcha chithandizo.

Izi sizikutsutsana ndi zimene tanena poyamba. Lamulo silinakakamize bwana aliyense. Bwana ameneyu anangodzisankhira yekha, ndipo antchito ake, monga antchito a bwana wina aliyense, analibe chonena. Boma linalinso ndi mwayi umene sitolo ilibe: wantchito wake akachoka, lili ndi njira zake zotolera ngongole kwa nzika.

Mmene zinathera ndi mapepala ake

Kumapeto kwa Disembala Congress inalowererapo, koma osati kudzakhululuka. Lamulo la Consolidated Appropriations Act, 2021, losainidwa pa 27 Disembala 2020, linatalikitsa nthawi yobweza kuchoka pa 30 Epulo kufika pa 31 Disembala 2021, ndipo IRS inatsatira ndi Notice 2021-11 mu Januwale. Kwa munthu wathu wa $1,500 uja, $837 itagawidwa pa masiku olandira 26 inatsika kufika pa $32.19 ulendo uliwonse. Kwa wantchito zinapepuka. Kwa bwana zinawonjezera miyezi 8 yoti anthu achoke ngongole isanathe. Popeza 31 Disembala 2021 linali tsiku la tchuthi cha boma, chifukwa 1 Januwale 2022 linagwa Loweruka, zolipira zofika pa 3 Januwale 2022 zinawerengedwa kuti zafika pa nthawi yake.

Amene anachedwetsa anali ndi ntchito ya mafomu kawiri. Form 941, imene bwana amapereka miyezi itatu iliyonse, inasinthidwa kuyambira gawo lachitatu la 2020 kuti izionetsa ndalama za antchito zimene zachedwetsedwa. Pobweza mu 2021, ndalamazo zinkafunika kutumizidwa padera n'kusonyeza kuti ndi za gawo liti la 2020. Ozisakaniza ndi msonkho wa masiku onse ankapezeka kuti makompyuta a IRS aziika pa 2021, ngongole ya 2020 n'kumaonekabe yosalipidwa, kalata ya chindapusa n'kufika.

Ku mbali ya wantchito, Form W-2 ya 2020, pepala limene bwana amapatsa wantchito chaka chikatha losonyeza malipiro ndi misonkho yodulidwa, inkaonetsa malipiro onse a Social Security m'bokosi 3, koma m'bokosi 4 munkalembedwa msonkho wokhawo umene unadulidwadi mu 2020. Ngongole ikatoleredwa mu 2021, siinkalowa pa W-2 ya 2021. Bwana ankayenera kutulutsa Form W-2c yokonza bokosi 4 la 2020. Kwa amene anali ndi bwana mmodzi chaka chonse, pepala limeneli linali longosunga. Kwa amene anagwira ntchito kwa mabwana awiri kapena kuposerapo, linali lofunika kuliyang'ana bwino: ngati msonkho wonse wa 2020 utaphatikizidwa unadutsa $8,537.40, anali ndi ufulu woitanitsa zapamwambazo pokonza fomu yake ya chakacho ndi Form 1040-X. Penshoni ya munthu sinakhudzidwe ndi zonsezi, chifukwa Social Security imawerengera malipiro a m'bokosi 3, osati tsiku limene msonkho unafika.

Odzilemba okha ntchito sanali m'chikalata cha Ogasiti. Iwo amalipira mbali zonse ziwiri, 12.4 peresenti ya Social Security, ndipo chimene analoledwa kuchedwetsa ndi theka lofanana ndi gawo la bwana, pansi pa CARES Act.

Kuyambira pa malipiro a 1 Januwale 2021, lamulo linabwerera mwakale. Bwana aliyense ayenera kudula 6.2 peresenti ndi 1.45 peresenti pa tsiku lolipira, ndipo iye ndi wantchito sangagwirizane pa awiri kuti asiye kapena achedwetse, ngakhale wantchitoyo atapempha yekha ndi kusainira. Bwana amene anachedwetsa mu 2020 koma osamaliza kubweza asaganize kuti nkhaniyo inaiwalika chifukwa papita zaka: IRS imakhala ndi zaka 10 zotolera msonkho kuchokera pa tsiku limene inaulemba m'mabuku ake kuti ndi ngongole, ndipo chiwongoladzanja pa zotsalazo chakhala chikuwerengedwa kuyambira Januwale 2022.